Liwiro pa mpira limayambira m'miyendo yamphamvu

Amayi ndi atsikana amene mumasewera mpira wamiyendo pano pa kampu, ambiri mumadandaula kuti ngakhale mumazungulira bwalo tsiku ndi tsiku, anzanu amakusiyanibe pothamangira mpira. Kuzungulira bwalo kumathandiza kuti musatope msanga, koma liwiro limachokera ku mphamvu ya miyendo.

Taonani Temwa Chawinga wa ku Malawi, yemwe mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America akusewerera Kansas City Current. Chimene chimasautsa otchinga kumbuyo ndi kanyamukidwe kake. Mu mpira, wosewera amathamanga mwaliwiro mitunda yaifupi, kawirikawiri mamita 10 mpaka 20. Phazi likaponda limakankha nthaka, ndipo amene wakankha mwamphamvu m'kanthawi kochepa ndiye amayamba kufika pa mpira. Ntchitoyi ndi ya minofu ya m'matako, m'ntchafu ndi akatumba.

Kuno tilibe jimu, koma thupi lanu ndi chigubu cha madzi ndi zokwanira. Yambani mwathamanga pang'onopang'ono kwa mphindi 10 kuti thupi litenthe, kenako chitani izi:

1. Kunyonyomala. Tsikani ngati mukukhala pampando, msana uli woongoka, zidendene zisanyamuke. Chitani ka 10, pumani, mubwereze katatu. Zikayamba kupepuka, fukatani chigubu cha malita 5 pachifuwa. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho n'kosavuta kudziwa katundu amene mwanyamula.

2. Kukwera chitsa kapena benchi yolimba ndi mwendo umodzi, ka 8 mwendo uliwonse. Pothamanga thupi lonse limatsamira mwendo umodzi, ndiye uliwonse ulimbe pawokha.

3. Kukweza chiuno. Gonani chagada, pindani mawondo, kwezani chiuno m'mwamba n'kutsitsa pang'onopang'ono, ka 12.

4. Gwadani pa mkeka, mnzanu agwire akakolo anu mwamphamvu. Gwerani kutsogolo pang'onopang'ono thupi lili chiwongokere, n'kudzilandira ndi manja. Izi zimalimbitsa kumbuyo kwa ntchafu, kumene kumakonda kukokeka pothamanga. Zimawawa, choncho yambani ndi katatu basi.

Liwiro lenilenilo liyeseni miyendo isanatope: thamangani mamita 20 ndi mphamvu zanu zonse kasanu, ndipo muzipuma mphindi ziwiri musanabwereze.

Palinso nkhani ya bondo. Osewera aakazi amaduka mtsempha wa mkati mwa bondo, wotchedwa ACL, kawirikawiri kuposa amuna. Kuchira kwake kumatenga miyezi yambiri ndipo nthawi zambiri kumafuna opaleshoni, chinthu chovuta kuchipeza kwa ife okhala pa kampu. Mayi akavulala chonchi, si mpira wokha umene umaima. Kutunga madzi, kulima ndi geni zimaimanso. Choncho podumpha, terani mofewa mawondo atapindika, ndipo bondo liziloza kumene zala za phazi zaloza, lisagwere mkati.

Chitani zimenezi kawiri pa sabata, masiku osatsatizana, ndipo osati mawa lake kuli masewero. Minofu imalimba pamene mukupuma. Tsiku limene mwatunga madzi maulendo ambiri kapena simunadye mokwanira, chepetsani. Nyemba, soya, mtedza ndi tinsomba touma zimamanga minofu, pomwe ndiwo zamasamba zimathandiza magazi, makamaka kwa amene amataya magazi ambiri posamba.

Ngati muli oyembekezera, mwangobereka kumene, kapena bondo latupa, yambani mwafunsa a zaumoyo kuchipatala cha pa kampu.

Musanayambe, pimani mamita 20 pabwalo, mnzanu awerenge nthawi yanu pa foni, muilembe. Pakatha masabata asanu ndi atatu mudzathamangenso pamalo omwewo, n'kuyerekeza.