Paini wa ku Chikangawa ndi kapulasitiki kopanga magetsi

Paini wa ku Chikangawa, amene anafika mahekitala pafupifupi 53,000, anabzalidwa mochuluka m'zaka za m'ma 1960 kuti adzadyetse fakitale ya mapepala. Fakitaleyo sinamangidwe, mitengo n'kumathera ku matabwa ndi pulayiwudi. Komatu m'paini muli lignin, chinthu chomwe chimamatiriza ulusi wa mtengo, ndipo mitengo ikaphikidwa m'mankhwala a sulfite popanga mapepala, lignin amatuluka atanyamula timagulu ta sulfonic.

Timagulu tomweti ndi timene timagwira ntchito mu fuel cell, chipangizo chopanga magetsi pokumanitsa haidirojeni ndi okosijeni, chotsala n'kukhala madzi basi. Pakati pa chipangizocho pamakhala kapulasitiki kopyapyala kwambiri. Kamalola mapulotoni ochokera ku haidirojeni kuwoloka, koma maelekitironi kamawakaniza kuti azungulire m'waya. Kuzungulirako ndiye magetsiwo.

Kagulu kalikonse ka sulfonic kali ndi mphamvu ya negative ndipo n'komangiriridwa ku pulasitikiyo, sikasuntha. Kamakoka madzi, madziwo n'kupanga tinjira tating'onoting'ono mkatimo. Pulotoni siyenda yokha ulendo wonse: mamolekyulu a madzi amapatsirana monga anthu apatsirana njerwa pamzere, mfundo yomwe inayamba ndi Theodor Grotthuss mu 1806.

Chozunguza mutu ndi kuchuluka kwa timaguluti. Tikachepa, madzi amakhala m'timadambo tosakumana ndipo pulotoni imasowa powolokera. Tikachuluka, magetsi amayenda bwino poyamba, koma pulasitikiyo imamwa madzi mopitirira, n'kufufuma, kufewa, mwinanso kusungunuka kumene. Ikauma, zonse zimaima. N'chifukwa chake zipangizo zambiri zotere amazigwiritsa ntchito pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 80 okha, kuti madziwo asaume.

Chombo cha mumlengalenga cha Gemini 5 chinanyamuka mu 1965 ndi pulasitiki ya mtunduwu ya General Electric, koma inkawonongeka msanga. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Walther Grot wa ku DuPont anapanga Nafion, yolimba chifukwa cha fluorine, ndipo mpaka lero mapulasitiki atsopano amawayeza poyerekeza ndi iyo. Vuto ndi mtengo wake, komanso mankhwala a fluorine otere sawola akatayidwa.

Apa mpamene lignin walowera. Ofufuza akumusakaniza ndi mapulasitiki otchipa kuti aone ngati angagwire ntchito yomweyo. Ntchitoyi idakali m'malabotale, ndipo pa kukhalitsa lignin sanaipeze Nafion.