Tsamba la perilla la ku Korea ndi chikwatu cha ku Sasare

Mwezi wa Malichi ukafika ku Sasare, m'dera la Petauke, ndiwo zamasamba zimachita kutayika. Nkhwani, umene ambiri kuno amautcha chibwabwa, wayanga munda wonse, khwanya ndi chitambe zili mbwee, bonongwe wamera mpaka kuseri kwa khola. Koma mayi aliyense wa ku Petauke kapena ku Nyimba amadziwa kuti pofika Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo m'chigwa cha Luangwa, tsamba laliwisi lidzakhala la ndalama. N'chifukwa chake amafutsa. Amathyola masamba, kuwasadzula, kuwawiritsa pang'ono, n'kuwayanika pamphasa. Akauma gwa, amawakulunga m'masamba a msuku ndi kumanga ndi luzi, chikwatucho n'kuchipachika kudenga la khitchini, kumene utsi umapirikitsa tizilombo.

Anthu a ku Korea nawo ali ndi nyengo yosowa masamba, kungoti mdani wawo ndi chisanu choumitsa nthaka. Njira imene adatchuka nayo ndi yothira mchere, tsabola ndi adyo m'masamba, n'kuwasiya kuti asase. Chakudyacho ndi kimchi. Yodziwika kwambiri ndi ya kabichi, imene mabanja ndi anansi amasonkhana kukonza yambirimbiri chisanu chisanayambe. Mwambowu umatchedwa kimjang, ndipo mu 2013 bungwe la UNESCO lidaulemba m'kaundula wa miyambo yofunika kusungidwa.

Pali mtundu wina wa kimchi wosavuta, wofanana kwambiri ndi ntchito ya amayi athu, chifukwa ndi wa tsamba lothyola limodzilimodzi. Tsambalo ndi perilla, chomera cha banja limodzi ndi minti, chonunkhira mwamphamvu, masamba ake otambalala ngati chikhatho ndiponso a manomano m'mphepete. Eni ake amati kkaennip, kutanthauza tsamba la chitowe, ngakhale kuti chomeracho si chitowe ayi. Njere zake amayenga mafuta. Madera a Geumsan ndi Miryang ku South Korea ndi otchuka pa ulimi wa masambawa.

Kakonzedwe kake sikafuna moto. Wokonza amatsuka masamba pafupifupi 50, limodzilimodzi, kuwakutumula madzi n'kuwasiya aume. M'kambale amasakaniza masupuni atatu a soy sauce, supuni imodzi ya msuzi wamchere wa tinsomba, masupuni awiri a tsabola wofiira wosinja wotchedwa gochugaru, adyo wosinja, anyezi wamasamba, karoti woduladula mopyapyala, chitowe chokazinga ndi shuga pang'ono. Kenaka pamabwera ntchito ya kuleza mtima. Amayala masamba awiri m'kabakuli, kupakapo zosakanizazo ndi kunsi kwa supuni, kusanjikapo ena awiri, kupakanso, mpaka onse atha, timichira tonse titaloza mbali imodzi kuti pakudya pakhale pogwira. Mulu umene unali wotumphuka m'mawa umakhala utaphwa pofika madzulo, chifukwa mchere wakoka madzi m'masamba. Amavundikira, kusiya tsiku limodzi m'nyumba, kenaka mufiriji. Kusasako kumachitika ndi tizilombo tabwino, ta mtundu womwe uja timene timasasitsa mkaka kukhala chambiko.

Pakudya, munthu amamatula tsamba limodzi n'kukulunga nalo kampunga kotentha. Ndi lamchere zedi, choncho masamba asanu amakwanira mbale yonse.

Nanga wa ku Sasare atani, poti perilla sapezeka pamsika wa ku Petauke? Asathamangire chibwabwa: ubweya wake umakanda pakhosi ngati sichidaphikidwe. Chigwada, chimene ena amati katapa, ndiye asayese n'komwe, chifukwa masamba a chinangwa aawisi ali ndi poizoni amene amachoka pokhapokha atasinjidwa ndi kuwiritsidwa mokwanira. Tsamba loyenera lili kudimba: mpiru. Ku Korea komweko amakonza kimchi ya mpiru, ndipo wa pachilumba cha Dolsan, ku Yeosu, ndiye wotchuka. Chayinizi nayenso amalola. Masamba amenewa ndi okhuthala kuposa perilla, motero amafunika kuwawaza mchere ndi kuwasiya afote kwa ola limodzi kapena awiri, kenaka kuwatsuka asanapakidwe. M'malo mwa msuzi wa tinsomba, madzi owiritsira kapenta ataziziritsidwa amathandiza, ndipo soy sauce amapezeka m'masitolo akuluakulu a ku Chipata ndi ku Lusaka. Pa tsabola pokha pafunika dzanja lopepuka. Gochugaru sawawa kwambiri, pamene kambuzi wathu masupuni awiri angathe kuliritsa banja lonse.

Chinthu chimodzi chiyenera kunenedwa mosabisa. Kimchi idabadwira kudziko lozizira, kumene kale ankaisunga m'mitsuko yokwirira pansi. Kutentha kwa ku Nyimba kumaisasitsa mwaliwiro, ndipo pakhomo popanda firiji ndi bwino kukonza yochepa, yodya masiku awiri kapena atatu, masamba atamira mumsuzi wake, m'botolo loyera. Ikamera nkhungu kapena kununkha moola, itayidwe. Pa kusunga ndiwo mpaka mvula ina, mfutso ulibe mnzake kuno, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona ana ena akuunyoza kuti ndi ndiwo ya osauka. Chofunika kuukonza n'chimodzi: dzuwa la phwee limawononga mavitamini ena, choncho kuyanika pamthunzi podutsa mphepo kumasunga zambiri, ndipo masamba sakuda kwambiri.

Pamphasa ya chakudya ziwirizi sizilimbana. Mfutso wotendera nsinjiro za nshawa ndi wofewa ndiponso wonona, pamene mpiru wosasa ndi wowawasa, wa tsabola, wolira khukhutu m'kamwa. Kambale kakang'ono ka mpiruwo pambali pa nkhwani wofutsa kamapititsa nsima bwino, makamaka m'miyezi ija imene kumunda kwauma.