Mpweya wa m'Ndege ndi Matenda Oyenda m'Mphepo

Munthu wa ku Nabvutika wofuna kukwera ndege ya kutali ali ndi njira ziwiri. Kapena akwera basi pa Chipata nayenda makilomita oposa 500 kufikira ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda ku Lusaka, kapena aoloka malire pa Mwami napita ku bwalo la Kamuzu ku Lilongwe. Ambiri akakhala pansi m'ndege, naona citseko catsekedwa ndi mazenera osatseguka, mtima umati phwii, poganiza kuti mpweya umene anzao onse aturutsa ndiwo umene iwo adzapuma kufikira atatera. Mantha amenewa anakula m'caka ca 2020, pakuti anthu awiri oyamba kupezeka ndi nthenda ya Covid-19 m'Zambia, pa 18 March, anali atangobwera kumene kucokera ku France.

Koma mantha otere aloza malo olakwika, ndipo amuna a ku migodi adzamva msanga cifukwa cace. Pansi pa mgodi munthu akhala ndi moyo cifukwa ca makina aakulu okankha mpweya watsopano ndi kuturutsa wakale. Ndege yaikulu iri cimodzimodzi. Pamene iri m'mwamba, pafupifupi theka la mpweya wa m'kati licokera kunja, ndipo theka linalo ndi mpweya wakale umene wapyola m'sefa yochedwa HEPA. Sefa imeneyi igwira pafupifupi fumbi lonse, ngakhale losaoneka ndi maso, pamodzi ndi timadontho ta malobvu tonyamula tizirombo. Mpweya wonse usinthika nthawi 20 kufikira 30 pa ora limodzi. Ndiponso suyenda kucokera kutsogolo kumka kumbuyo ai. Utsika kucokera kudenga nuturukira pansi, m'mbali mwa mipando. Basi ya ku Lusaka, imene mazenera ace atsekedwa cifukwa ca cisanu ca June, iribe zotere, ndipo ndege zina zazing'ono nazonso ziribe sefayo.

Tsono wa ku mgodi adziwanso cimene cicitika makina a mpweya akaima. M'caka ca 1977, pa tauni ya Homer ku Alaska, ndege ina yonyamula anthu 54 inaonongeka injini isananyamuke. Inaima pansi maora 3, makina a mpweya atazima, ndipo alendo ambiri anangokhala m'katimo kudikira. Mmodzi yekha mwa iwo anali ndi cimfine cacikulu ca fuluwenza. Asanathe masiku 3, anthu 72 pa 100 alionse a m'ndegemo anali atadwala. Nkhani imeneyi madokotala aikumbukabe, pakuti ionetsa kuti nthawi yoopsa ndi ya pansi: pa mzere wa mapasipoti, m'cipinda codikiramo, m'kabasi kopereka anthu ku ndege, ndi pamene onse aimirira mothithikana kutsitsa katundu wao ndege itatera.

Coopsa caciwiri ndi mnzako wa pampando. Sefa igwira cokhaco cimene cafika kwa iyo. Koma munthu akakhosomola pafupi, timadontho tace tifika pa mphuno ya mnzace tisanapite ku sefa. Pa 15 March 2003 mkulu wina wodwala nthenda ya SARS anakwera ndege yocokera ku Hong Kong kupita ku Beijing, ulendo wa maora 3 okha. M'ndegemo munali anthu 120, ndipo 22 anatenga nthendayo. Okhala pafupi ndi mkuluyo ndiwo anagwidwa kwambiri, ngakhale ena a patali ndithu sanapulumuke.

Cida ca waulendo ndi masiki. Apanso amuna a ku migodi ali patsogolo, popeza adziwa kuti masiki yosagwira bwino pa nkhope iri ngati dengu lotungira madzi. Masiki ya mtundu wa N95, yokanikizidwa bwino pamwamba pa mphuno, icinjiriza koposa ya nsaru. Ndebvu zambiri zisiya mpata m'mbali. Waulendo aibvale asanalowe m'bwalo la ndege, ndipo asaibvule msanga atatera. Ambiri acita zosiyana: abvala m'mwamba, kumene mpweya uli wabwino, nabvula pa mzere wa katundu, kumene anthu apumirana m'khosi. Pa nthawi ya cakudya, ngati wa pafupi akhosomola kosaleka, ndi bwino kudikira iye atatha kudya. Kupempha anchito a m'ndege mpando wina si mwano, ngati mipando ilipo. Amwe madzi kawirikawiri, pakuti mpweya wa m'mwamba ndi wouma ndipo uumitsa m'mphuno ndi pakhosi; asambe m'manja asanadye. Ana asakwere ndege asanalandire katemera wa cikuku, cifukwa tizirombo ta cikuku titha kutsala m'mphepo maora 2 wodwalayo atacoka kale.

Yatsala nthenda imene mabanja a ku migodi aidziwa kuposa zonse, ndiyo cifuwa cacikulu ca TB. Fumbi la miyala likalowa m'mapapo zaka zambiri liwafooketsa, ndipo TB ipeza khomo lotseguka. Nthendayi siifulumira kugwira ngati cimfine. Ifuna kuti anthu akhale pamodzi nthawi yaitali. Cifukwa cace bungwe la za umoyo la dziko lonse, la WHO, linalangiza kuti wodwala TB akapezeka kuti anayenda pa ndege maora 8 kapena kuposa, afunefune anthu amene anakhala mzere umodzi naye, ndi a mizere iwiri ya kutsogolo ndi iwiri ya kumbuyo. Ulendo wa ku Johannesburg kucokera ku Lusaka ndi wa maora 2 cabe. Koma wa m'basi kucokera ku Chipata kupita ku Lusaka uyandikira maora 8 amenewo.

Motero munthu amene wakhosomola masabata 2, naonda, nacita thukuta usiku, ayambe wapita ku kiliniki kapena ku cipatala cacikulu ca Chipata kukapimitsa makhololo asanagule tikiti. Mankhwala a TB aperekedwa kwaulere m'zipatala za boma, ndipo amwedwa miyezi 6. Amene wamwa mankhwala ace mosadumphitsa masabata 2, ndipo ayamba kupeza bwino, kawirikawiri saopsanso anzace. Koma amene TB yace ikana mankhwala oyamba adikire kufikira dokotala atapima makhololo ace nanena kuti tizirombo tatha. Pamenepo ndi pamene angakwere basi kapena ndege.