Mwana wodziwa kuwerengetsa nthawi ndi mthandizi pakhomo

Mayi akamachoka pachipatala ndi mankhwala a malungo a LA, omwe dziko la Malawi lidayamba kugwiritsa ntchito m'chaka cha 2007, amalangizidwa kuti wodwala amwenso pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatira. Malangizowa ndi achidule, koma m'kati mwake muli samu. Ngati wodwala wamwa koyamba 10 koloko m'mawa, amwenso nthawi yanji? M'mabanja ambiri funso lotere limagwera mwana wasukulu.

Mwana wophunzitsidwa bwino aphatikiza 10 ndi 8 n'kupeza 18. Popeza wotchi ya mivi imalekeza pa 12, achotsera 12 n'kutsala ndi 6. Wodwalayo amwenso 6 koloko madzulo.

Ana ambiri amapunthwa akafika pa mphindi. Masamu ena onse adawazoloweza kubwereka 10 kapena 100, pamene ola lili ndi mphindi 60 zokha, mawerengedwe omwe adachokera kwa anthu a ku Babulo wakale. Mwachitsanzo, mlimi wayamba kuthirira kudimba 7:45 m'mawa ndipo wamaliza 10:20. Mwana akachotsera 745 pa 1020 apeza 275, n'kunena kuti ntchitoyo yatenga maola 2 ndi mphindi 75, zomwe n'zolakwika.

Njira yosavuta ndi yoyenda ndi nthawiyo pang'onopang'ono. Kuchoka 7:45 kufika 8 koloko ndi mphindi 15. Kuchoka 8 koloko kufika 10 koloko ndi maola 2. Kwatsala mphindi 20. Akaphatikiza zonse apeza maola 2 ndi mphindi 35. Pagulu la alimi amthirira ogawana pampu imodzi, kusiyana kwa mphindi 40 kumeneku n'kokwanira kuyambanitsa anthu.

Masiku nawo amawerengetsedwa chimodzimodzi. Nkhuku imakhalira mazira masiku 21. Ikayamba pa 20 Juni, mwana akumbukire kuti mweziwu uli ndi masiku 30, choncho kwatsala masiku 10. Akachotsera 10 pa 21 patsala 11, kutanthauza kuti anapiye ayembekezeke cha pa 11 Julayi. Akazolowera, angathe kuwerengetsanso bere la mbuzi, lomwe limatenga masiku pafupifupi 150, kuti khola likonzedwe nthawi ikadalipo.

Kuphunzitsa zimenezi sikulira ndalama. Makolo ndi alangizi akumudzi angajambule wotchi pansi, timitengo tiwiri n'kukhala mivi, mwana n'kumatisuntha uku akuwerenga mokweza. Ayambe ndi maola athunthu, kenako theka la ola, mphindi zibwere pomaliza. Mafunso achokere pa ntchito zapakhomo pomwepo: nthawi yomwe nyemba zakhala pamoto, kapena ulendo wakuchigayo. Mwana akalakwa asakalipidwe, koma afunsidwe kuti afotokoze momwe wayendera, pakuti m'kufotokozamo ndi momwe cholakwacho chimaonekera.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mwana amene wazolowera samuyi akadali wamng'ono, tsiku la matenda likafika adzauza mayi ake ola lenileni lopereka mankhwala.