Khoma Kapena Nembanemba: Dzina la Chokuta Selo

Ophunzira a pa yunivesite amene amazama pa kagwiridwe ntchito ka maselo a nyama zoyamwitsa amaphunzira m'Chingerezi, koma nzeruzo zimafika kwa anthu ambiri kudzera m'zolemba za m'Chichewa. N'chifukwa chake mawu osankhidwa ayenera kusenza tanthauzo lenileni.

Liwu loti selo lidakhazikika kale, ndipo pochulukitsa limakhala maselo. Adaliyambitsa ndi Robert Hooke m'chaka cha 1665 ataona timipata tonga tizipinda m'khungwa la mtengo. Vuto lagona pa dzina la chinthu chimene chimakuta selo, pakuti mawu oti khoma ndi nembanemba amasokonezedwa.

Khoma ndi chinthu cholimba chomwe chimatchinga. Selo la chomera lili nalo khoma lotere, koma selo la munthu, ng'ombe kapena mbewa lilibe. Chimene chimalikuta ndi kachikopa kopyapyala kwambiri, kopangidwa ndi mafuta ndi mapulotini, kamene kamasankha zolowa ndi zotuluka. Madzi amadutsa mosavuta, pamene mchere sudutsa mwachisawawa. M'kachikopamo muli pulotini ina, imene Jens Christian Skou wa ku Denmark adaitulukira m'chaka cha 1957, yomwe imagwira ntchito ngati pampu: ulendo uliwonse imatulutsa timagawo titatu ta sodiyamu n'kulowetsa tiwiri ta potaziyamu. Kusiyana kwa michereyi mkati ndi kunja kwa selo ndiko kumachititsa kuti uthenga uziyenda m'minyewa ndi kuti mtima uzigunda.

Kusiyana kwa khoma ndi kachikopaka kumaonekera bwino m'madzi opanda mchere. Selo la chomera limangofufuma chifukwa khoma limaligwira, pamene selo lofiira la magazi limamwa madzi mpaka kuphulika. Ichi n'chifukwa chake madzi a mchere a diripi ya kuchipatala amakhala ndi magalamu 9 a mchere pa lita imodzi. Mwana wa sukulu amene adawerenga kuti selo la magazi lili ndi khoma sangamvetse kuphulikaku.

Choncho olemba, akonzi ndi aphunzitsi akulimbikitsidwa kusiyanitsa mawu awiriwa. Liwu loti nembanemba, lomwe Achewa amatchulira kachikopa kopyapyala, liimire chokuta selo lililonse. Liwu loti khoma lisungidwire chokuta cholimba cha kunja chimene chimapezeka pa maselo a zomera, bowa ndi mabakiteriya ambiri.