ZA KUSUNGA ZITHUNZI ZA MAKOLO ATHU

Akristu athu a ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, m'nyumba zambiri muli cuma cimene eni ace saciyesa cuma. Tinena tizidutswa takuda ta filimu, timene ojambula aticha manegetivu, ndi masilaidi, ndito tizithunzi toonetsa pa khoma ndi nyali. Ambiri amati, Cithunzi ndiri naco, kakudaka n'kanji? nakataya kudzala, kapena kupatsa ana asewere nako. Koma dziwani kuti negetivu ndiye mai wa cithunzi. Cithunzi cikang'ambika, mai akhoza kubala cina. Koma mai akaonongeka, nkhope ya agogo yatsala pa pepala limodzi lokha.

Taonani za kwathu konkuno. Abambo Oyera anafika pa Mua m'caka ca 1902, ndipo onse amene anawalandira anagona kale. M'caka ca 1976 Bambo Claude Boucher, wochedwa Chisale, anayambitsa Kungoni. Pambuyo pace panamangidwa nyumba ya Chamare, yokumbutsa Bambo Champmartin, ndipo zithunzi za miyambo ya Acewa, Angoni ndi Ayao zinaikidwa m'zipinda zace zitatu. Cifukwa wina anazisunga, ana obadwa dzulo aona ndi maso ao mabvalidwe ndi magule a makolo. Cimene mishoni inacitira mitundu itatu, ife ticitire mabanja athu, ndi zithunzi za ubatizo, za ukwati, ndi zija anatumiza amalume ali ku Joni kapena ku Harare.

Tsono dziko lathu lino la kunsi kwa mapiri a Dedza lidana ndi filimu. Kutentha kwa Okutobala kuifooketsa mtundu, cinyezi ca dzinja ciigwetsera cuku, ndipo ciswe ndi mphemvu zitsiriza zotsala. Filimu yambiri ya kale, cisanafike caka ca 1950, inapangidwa ndi mankhwala oyaka msanga. Musaiyandikize ku moto. Ya pambuyo pace ikayamba kubvunda, imakhwinyata ndi kununkha ngati vinyo wosasa, nipatsira zinzace nthendayo. Yotere muipatule payokha lero lomwe.

Zotsalazo muzisunge motere. Sambani m'manja ndi kuuma bwino, nimugwire filimu m'mbali mokha, pakuti thukuta la cala lisiya banga losacoka. Cidutswa ciri conse cikhale m'envulopu yaceyace ya pepala loyera. Musamange ndi mphira, musamate ndi ulimbo. Maenvulopuwo muwaike m'citini cotseka bwino tsiku louma la dzuwa, ndipo citinico cikhale pa thandala m'cipinda cozizira, kutali ndi utsi wa kukhichini, osati pansi pofika madzi osefukira, osatinso pafupi ndi malata. Filimu ikanyowa, musaileke imamatirane: muitsuke pang'onopang'ono m'madzi oyera ozizira, osapukuta, nimuiyanike pa cingwe mumthunzi.

Masiku ano studio zambiri zinaleka filimu. Cifukwa cace tisacedwe kuturutsa zithunzi zina. Mnyamata wokhala ndi foni akhoza kuika negetivu patsogolo pa pepala loyera lowalidwa ndi dzuwa, naijambula, natembenuza zakuda zikhale zoyera. Zojambulazo musindikizenso pa pepala, pakuti foni itayika. Ndipo zina mukasungitse kwa mbale wa mudzi wina, kuti moto kapena madzi zingatenge zonse pamodzi.

Koma nchito yoposa zonse ndi iyi: maina. Cithunzi copanda dzina ciri ngati manda opanda mtanda. Adzukulu adzaciyang'ana osadziwa kuti ndi magazi ao. Safunsa anadya phula. Madzulo a Lamulungu likudzali, khalani pamphasa ndi agogo akali ndi maso, muwaonetse cimodzicimodzi, ndipo mwana wa sukulu alembe ndi pensulo pa envulopu dzina la munthuyo, mfunda wace, mudzi wace, caka, ndi cimene cinacitika tsikulo. Mukatero, musankhe mmodzi wa pabanja akhale mwini citinico, ndipo onse amdziwe.