Nyimbo Ziri M'nyumba, Mwini Wake Ali ku Galaja

Munthu amene wasonkhanitsa nyimbo zikwizikwi m'kompyuta ya kunyumba kwake amazindikira msanga kuti chuma chakecho chiri ngati nkhokwe: nchodzaza ndithu, koma sichinyamulika. Kompyuta iri m'chipinda chochezera, pamene mwini wake amaswera Loweruka lonse ku galaja, kutsidya kwa bwalo, akukonza galimoto kapena kupala matabwa. Funso lakuti nyimbozo zikafike bwanji kumeneko lawonongetsa anthu ndalama zambiri ku America ndi ku Ulaya, ndipo aliyense amene ali ndi kompyuta ndi kanyumba kapadera kogwiriramo ntchito adzakumana nalo.

Choyamba chofunika kudziwa nchakuti nyimbo si katundu wolemera. Nyimbo ya mtundu wa MP3 yosungidwa pa mlingo wa 128 kbps imadya malo osapitirira megabyte imodzi pa mphindi, ndipo ngakhale Wi-Fi yakale ija ya chaka cha 1999, imene liwiro lake linali 11 megabits pa sekondi, inkatha kunyamula nyimbo zotere zingapo nthawi imodzi. Tsono chovuta si katundu ai, koma msewu.

Mafunde a Wi-Fi amafooka pa chipupa chiri chonse chimene adutsa. Njerwa zootcha ndi konkire zimawadya, chitsulo chimawabweza, ndipo magalaja ambiri ali ndi denga la malata ndi chitseko chachitsulo. Ngakhale mitengo ya pabwalo, masamba ake akanyowa ndi mvula, imachepetsa mphamvu yake. Bluetooth ya pa zipangizo wamba ndiye sitchulika nkomwe, popeza imalekera pa mamita ngati 10. Ena amakoka waya wa sipika kuchokera m'nyumba, koma waya woonda ukatalika mawu amafika ofooka, ndiponso munthu akafuna kusintha nyimbo ayenera kupukuta girizi m'manja ndi kubwerera kunyumba.

Nzeru imene inathetsa vutoli inali yakuti m'waya musadutse mawu, koma nyimbo momwe yasungidwira m'kompyutamo, ndipo ikasandulike mawu ku galaja komweko. M'chaka cha 2001 kampani yaing'ono ya ku California yotchedwa Slim Devices, imene anaiyambitsa ndi Sean Adams, inatulutsa kabokosi kotchedwa SliMP3. Kabokosiko sikankasunga nyimbo ngakhale imodzi. Ntchito yake inali kupempha nyimbo kwa kompyuta kupyolera m'waya wa Ethernet, kuonetsa dzina lake pa kagalasi, ndi kuipereka ku sipika. Mu 2003 kampaniyo inatulutsa Squeezebox, imene inkathanso kugwira ntchito popanda waya. Apple nayo mu 2004 inabweretsa AirPort Express, yongolowetsa pa soketi ya magetsi, ndipo Sonos inayamba kugulitsa zake mu 2005.

Koma amene anagula mabokosi amenewa anaphunzira kuti kampani siikhala ndi mtima umodzi. Logitech inagula Slim Devices mu 2006, ndipo mu 2012 inaleka kupanga Squeezebox. Apple inasiya AirPort mu 2018. Chimene chinapulumutsa eni Squeezebox nchakuti pulogalamu yogawa nyimbo, imene imakhala m'kompyuta ya kunyumba, inali yotseguka kwa aliyense kuyambira pachiyambi. Anthu odzipereka anapitiriza kuikonza, lero ikutchedwa Lyrion Music Server, ndipo kakompyuta kotsika mtengo ka Raspberry Pi kangathe kugwira ntchito ya kabokosi kaja. Wogula wanzeru ayenera kufunsa funso limeneli asanatulutse ndalama: kodi chipangizochi chidzaimbabe kampani yake ikadzachitaya?

Kabokosi kali konse, ngakhale kabwino chotani, kafuna msewu wofika kunyumba, ndipo apa mpamene pagona nkhani yonse. Msewu wodalirika koposa ndiwo waya wa Ethernet. Lamulo lake ndi mamita 100. Kupitirira apo pafunika chipangizo china pakati cholimbikitsa uthengawo. Wayayo ayenera kukhala wopangidwira panja, ndipo nkwabwino kumuika m'paipi ndi kumukwirira pansi, kuopa dzuwa, makoswe ndi khasu la wolima m'dimba. Ntchito yokumba ngalande njotopetsa, koma imachitika kamodzi.

Pali chenjezo limene ambiri amalinyalanyaza. Waya wa kopa wolumikiza nyumba ziwiri ndi njira ya mphenzi. Mphenzi siyenera kugwa pa nyumba penipeni. Ikagwa pafupi, mphamvu yake ingalowe m'wayamo ndi kuotcha zipangizo za mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi kompyuta imene ikusunga nyimbozo. Kumene mvula imagwa ndi ziphaliwali, amisiri amalangiza nthambo ya galasi yotchedwa fibre, imene imanyamula kuwala osati magetsi. Imafuna kabokosi kotembenuza uthenga kumapeto konse kuwiri, koma imafika kutali kuposa mamita 100 aja, ndipo mphenzi iribe poyenda.

Amene sangathe kukumba ali ndi njira ziwiri. Ina ndiyo kudutsitsa uthenga m'mawaya a magetsi amene alipo kale, ndi timabokosi ta powerline. Izi zimatheka ngati galaja ikudya magetsi a nyumba yomweyo, koma ikakhala ndi mita yakeyake kawirikawiri zimakanika, ndipo makina owotcherera zitsulo amazisokoneza. Ina ndiyo kukhoma tinyanga tiwiri ta Wi-Fi kunja kwa zipupa, tina pa nyumba tina pa galaja, topenyana popanda chotchinga pakati. Pamenepo malata aja sakhalanso ndi mlandu, chifukwa uthenga umalowa m'galaja ndi kawaya kafupi.

Ndipo alipo ena amene amaseka zonsezi. Iwo amakopera nyimbo pa memory card ya 32 GB, imene imanyamula nyimbo za MP3 za mlingo uja zoimba maola oposa 500, naipisa m'thumba la malaya, nakailowetsa mu wailesi ya ku galaja. Vuto lake ndi limodzi: nyimbo yatsopano ikalowa m'kompyuta, munthu ayenera kuyendanso ulendo wa pabwalo uja ndi kakhadi kake m'manja.